Mwana Ngwa Yani? Mau kwa Akubala pa Nkhani ya Sukulu ndi Mabuku

Werengani Eksodo 2:1-10, Macitidwe a Atumwi 7:20-23, ndi Danieli 1.



Mwezi uno tifuna kulankhula nanu za mlandu umene ukhudza nyumba ya munthu ali yense amene Mulungu anampatsa mwana. M'mawa uli wonse ana athu aturuka pakhomo ndi makope ao, namuka ku sukulu. Masana abwerako ali ndi mau atsopano m'mutu mwao. Mau amenewo sitinawasankha ndife. Anawasankha ena ku Domasi, kumene kuli nyumba ya boma yokonza maphunziro, ndi ku Lilongwe, kumene zikhala nduna. Ndipo ambiri a ife sitinaone nkhope za anthuwo ndi kale lomwe. Cifukwa cace funso limveka kawiri kawiri pabwalo, pamaliro, ndi poturuka m'nyumba ya mapemphero, lakuti, Kodi mwanayu ngwa boma, kapena ngwa ife amene tinambala? Ndani ayenera kunena cimene aphunzire, ndi buku limene awerenge? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo tifuna kuliyankha moopa Mulungu.

Tiyambe ndi mkazi uja wa pfuko la Levi, dzina lace Yokebedi, amace wa Mose. Iye anabala mwana m'masiku oipa, pamene mfumu ya Aigupto inalamulira kuti ana amuna a Ahebri aponyedwe m'madzi. Anambisa miyezi itatu. Ndipo pamene kunakanika kumbisanso, anamuika m'kabokosi ka gumbwa pakati pa mabango, mlongo wace wa mwanayo ali ciimire patali kuti aone cimene cidzacitika. Mwana wamkazi wa Farao anampeza, namcitira cifundo. Ndipo mwa nzeru ya kamtsikana kaja, amene anaitanidwa kudzayamwitsa khandalo anali amace omwe. Atakula mwanayo anatengedwa kunka ku nyumba ya mfumu. Stefano atiuza kuti kumeneko anamphunzitsa nzeru zonse za dziko lija. Taonani tsono: sukulu ya Mose inali ya anthu osadziwa Yehova, aphunzitsi ace anali opembedza mafano, mabuku ace sanasankhidwe ndi atate wace kapena amace, koma pofika zaka 40 mtima wace unamkumbutsa kuti abale ace ndiwo aja akusenza njerwa. Anazidziwa kuti zimenezo? Tiyesa kuti anaziyamwira pamodzi ndi mkaka. Amace anafika poyamba, Farao anafika pambuyo. Ndipo mmera mpoyamba.

Apa tiphunzirapo kuti mwana ngwa Mulungu, amene anamuikiza kwa akubala kuti amsungire. Boma liri ndi nchito yace pa mwanayo, mpingo uli ndi nchito yace, mphunzitsi ali ndi nchito yace. Koma amene adzafunsidwa poyamba pa tsiku lomariza ndife. Ngakhale mitundu ya anthu inabvomereza zimenezi. M'caka ca 1948, pamene maiko ambiri analemba pamodzi cikalata ca maufulu a munthu ali yense, anaikamo kuti akubala ndiwo ayenera kutsogolera posankha mtundu wa maphunziro a ana ao. Cotero munthu asakuopsezeni kuti mulibe mau pa za sukulu cifukwa simunaphunzire. Koma ufulu umenewu uli ngati munda umene mfumu ya mudzi yakupatsani: mukaugonera osaulima, umera chire, ndipo mawa mudzadandaula poona wina alikulimamo.

Mkangano wa sukulu suli wacilendo kuno kwathu, ndipo nkwabwino kuukumbukira kuti tisadzikweze. Amishoni a Dutch anamanga ku Mvera m'caka ca 1889, nafika ku Malingunde m'caka ca 1907. Ansembe a Katolika anakhazikika ku Likuni m'caka ca 1903, ndi ku Nambuma m'caka ca 1928. Kucokera m'malo amenewa timasukulu ta m'midzi tinafalikira m'cigwa conse cino. Koma m'zaka za m'ma 1920 kunabuka kulimbana kwakukuru pakati pa sukulu ndi dambwe. Eni mizinda anaona kuti mwana wolowa sukulu abwerako wonyoza mwambo, cotero anafulumira kulowetsa anyamata ku gule akali ang'ono, kuti sukulu isawatsogolere. Aphunzitsi ndi amishoni nao ananka kukadandaula kwa bwana wa boma, ndipo milandu inacuruka. Abale, akubala amene anakana sukulu masiku aja anali agogo athu, ndipo alendo amene anadza ndi maphunziro okaikitsa anali a mpingo wathu womwe. Agogowo anaopa cinthu coona, pakuti mwana angathe kucotsedwa m'manja mwa akubala ndi buku monga acotsedwa ndi nkhondo. Ndipo amishoni ena anacimwa ponyoza zonse za makolo osayamba afunsa tanthauzo lace. Komanso amene anatsekereza ana ao konse anawamana kuwerenga, ndipo midzi yambiri inatsalira m'mbuyo zaka zambiri. Pa kulimbana kuja amene anapwetekeka koposa anali ana.

Kuyambira m'caka ca 1926, pamene boma la Atsamunda linakhazikitsa nthambi yace yoyang'anira maphunziro, dzanja la boma linayamba kulowa m'sukulu za mishoni, popeza wopereka ndalama afunanso kunena mau. Titalandira ufulu wodzilamulira dzanja limenelo linalemera. M'caka ca 1968 Cicewa cinakwezedwa kukhala cinenero ca dziko lonse, ndipo Citumbuka cinacotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Ife a kuno tinakondwera, pakuti ana athu anaphunzira m'cinenero ca amai ao. Koma kodi tinaganizira akubala a ku Rumphi ndi ku Mzimba, amene sanafunsidwe? M'caka comweco kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa mphamvu bungwe la boma kuti liziyesa mabuku ndi kuletsa amene silinawafune. Akristu ambiri anati, Nkwabwino, lidzatitsekera zonyansa. Koma bungwe lokhala ndi mphamvu yotere silikhalira pa zonyansa zokha. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anasindikiza buku lace la ndakatulo ku London m'caka ca 1981. M'caka ca 1985 bukulo linacotsedwa m'masitolo, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'sukulu. M'caka ca 1987 mwini wace anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, naturuka m'caka ca 1991.

Kapena wina adzati, Zimenezo zinali za anthu ophunzira a ku Zomba, ife zitikhudza bwanji? Cherani khutu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'machalichi ao onse m'dziko muno, ndi kuno kwathu komwe. Mwa zina inadandaula za sukulu zodzaza, za kucepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Patapita masiku owerengeka boma linalengeza kuti kalatayo njoukira, ndi kuti wopezeka nayo ali ndi mlandu; nyumba yosindikizira ya ku Balaka, kumene kalatayo inacokera, inayatsidwa moto. Mkono umene unacotsa buku la mlakatuli pa alumali ndi womwewo unafuna kulanda kalata ya abusa m'manja mwa nkhosa. Cifukwa cace ticenjere pamene mtima utikakamiza kupempha olamulira kuti aletse ici ndi ico m'malo mwathu. Mpeni umene mubwereka mnzanu kuti akadulire mnansi wanu, tsiku lina udzafika pakhomo panu, ndipo mudzauzindikira cigwiriro cace.

Ambiri a inu mukumbukira za caka ca 2000. Unduna wa maphunziro unacotsa m'sukulu za sekondale phunziro la Malembo, limene ana alicha Bible Knowledge, nuikapo phunziro latsopano lofotokoza Cikristu, Cisilamu ndi cipembedzo ca makolo pamodzi. Atsogoleri a mipingo anakana kolimba, nati sukulu zambiri anazimanga ndi iwo, ndipo sanafunsidwe mokwanira. Asilamu nao anati ana ao akhala zaka zambiri akuphunzira buku la cipembedzo ca eni ace, pamene cao sicichulidwa. Popeza mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, anali Msilamu, nkhani ya maphunziro inasanduka msanga nkhani ya ndale, ndipo mphekesera zinayenda m'midzi koposa coonadi. A Muluzi anaimitsa phunziro latsopanolo. Ndipo atakhala pansi akuru a mbali zonse, m'caka ca 2001 anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo, sukulu zizisankha. Mipingo inacita bwino kulankhula, pakuti inali ndi mau oyenera kumveka. Koma tifunse moona mtima: mwa ife tonse amene tinapsa mtima caka cija, ndi angati amene tinaona ndi maso athu cimene cinalembedwa m'phunziro limene tinalikanalo? Ndipo phunziro la Malembo litabwezeredwa, ndi angati amene tinayamba kufunsa ana athu madzulo cimene anaphunziramo?

Pa mkangano umenewu tiphunziranso kuti ufulu umene tidzifunira tokha ngwa mnansi wathunso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akuru. Ngati ife timva kuwawa pamene mwana wathu aphunzitsidwa zotsutsana ndi cikhulupiriro ca pakhomo pathu, Msilamu wogulitsa nsalu pamsika wa Nsaru amva kuwawa komweko, ndi mwini mzinda wa kwa Kabudula yemwe. M'caka ca 2019 ku Mmanga m'boma la Balaka kunali cipolowe pakati pa Akristu ndi Asilamu cifukwa ca mpango wa kumutu umene atsikana acisilamu abvala, ndipo sukulu zinatsekedwa; m'caka ca 2021 atsogoleri a zipembedzo, atakambirana nthawi yaitali, anasainirana pangano. M'caka ca 2023 bwalo lalikuru la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Arasta asakanizidwe kulowa m'sukulu za boma cifukwa ca tsitsi lao. Ngakhale kutsidya kwa nyanja, ku America, kumene anthu akangana zedi za mabuku a m'nyumba zowerengera za sukulu, mlandu waukuru wa caka ca 2025 unakapambanidwa ndi akubala a ku Maryland amene anali Asilamu ndi Akristu pamodzi. Ndipo cimene anapempha cinali cakuti aziuzidwa pasadakhale za timabuku tina, ndi kuloledwa kuturutsa ana ao pa nthawi yowerenga timeneto. Iwo anaimirira ana ao osatseka maso a ana a anzao. Ambuye anatiphunzitsa kucitira ena monga tifuna kuti aticitire. Lamulo limenelo siliima pa cipata ca sukulu.

Tsono tifike pa cimene cibvuta mitima ya ambiri masiku ano, ndico phunziro lija la maluso a moyo, limene ana alicha Life Skills. Linalowa m'sukulu pa nthawi imene matenda a Edzi anali kutha anthu m'midzi mwathu, ndipo m'menemo muli nkhani za kukula kwa thupi, za mimba, za matenda opatsirana ndi za kudzisunga. M'caka ca 2013 nduna za maiko 20 a kum'mawa ndi kumwera kwa Afrika zinalonjezana ku Cape Town kuti zidzalimbikitsa maphunziro otere. Ndipo kwa anansi athu a ku Zambia mipingo ina inawakana kolimba m'caka ca 2020, kufikira boma linalonjeza kuwaunikanso. Nkhawa ya akubala pa nkhani iyi tiimvetsa. Mwa mwambo wathu zinthu zotere sizinenedwa pagulu, kapena pamaso pa anyamata ndi atsikana atakhala pamodzi. Ziri ndi eni ace, ndiwo anankungwi, agogo ndi alangizi a mpingo, ndipo ziri ndi nthawi yace. Kholo liri ndi ufulu wonse wakufunsa ngati mau ena safika msanga kwa mwana wosakhwima, ndi ngati kudziletsa kuphunzitsidwa ndi mphamvu yoyenera.

Koma tisanatole mwala, tikumbukire caka ca 2020. M'mwezi wa March sukulu zonse zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo kwa miyezi yoposa isanu ana anabwezedwa m'manja mwathu, usana ndi usiku, popanda mphunzitsi kapena buku la boma pakati pa ife ndi iwo. Ndipo cinacitika nciani? Boma litawerengera linapeza atsikana oposa 40,000 amene anatenga mimba, ndi maukwati a ana pafupi 13,000. Abale, mau awa ngowawa, koma tiyenera kuwamva: zimenezi zinacitika ana ali kumudzi, pamaso pa atate, amai ndi atsibweni. Wansembe Eli anamva zoipa za ana ace, nawadzudzula pang'ono ndi pakamwa, koma sanawaletse; ndipo Mulungu sanafunse mlanduwo kwa aphunzitsi a anawo, anaufunsa kwa Eli. Ngati tikana kuti sukulu inene zinthu izi, tikhale okonzeka kuzinena ife, pa nthawi yace, moona ndi mwaulemu. Kukhala cete pakhomo ndi kutsekanso sukulu pakamwa ndiko kusiya mwana kuti akaphunzitsidwe ndi lamya ya m'manja, ndi nyumba zoonetsera kanema pamsika, ndi amuna a ndalama za fodya.

Tidziwenso kuti ufulu wa kholo uli ndi malire, popeza mwana ndi coikizidwa. Wosungira mnzace mbuzi alibe mphamvu yakuipha. Kale malamulo akuru a dziko lathu analola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja ngati akubala abvomereza. M'caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo inafafaniza cilolezo cimeneco, nikhazikitsa kuti munthu wosafika zaka 18 ndi mwana. Ndiponso kuyambira m'caka ca 1994 sukulu ya pulaimale njaulere, ndipo lamulo la maphunziro la caka ca 2013 linena kuti mwana ali yense ayenera kupitako. Cotero munthu woturutsa mwana m'kalasi kuti akasoke fodya, kapena kukaweta ng'ombe, kapena kukwatiwa, asabisale kumbuyo kwa mau akuti, Mwana ngwanga. Mulungu anatipatsa ulamuliro pa ana kuti tiwamange nao. Ulamuliro wakuwapasula sanatipatse.

Pali cinanso ca kwathu kuno cimene tiyenera kucikonza. Kwa ife Acewa mau akuti kholo ngotakata: pali atate ndi amai, pali atsibweni amene ali eni mbumba, pali agogo amene alera ana amasiye. Umenewu ndi mwai, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma kawiri kawiri mwai usanduka msampha. Mkamwini ati, Ana nga kucikazi, akawaonere atsibweni ao. Atsibweni ati, Wobala alipo, ine ndiri ndi anga. Ndipo tsiku la msonkhano wa akubala ku sukulu mpando wa mwanayo ukhala wopanda munthu. Pa maliro ndi pa cinkhoswe tidziwa bwino amene ayenera kuimirira ndi kulankhula. Tipangane comweco pa za sukulu, kuti mwana ali yense adziwe dzina la munthu wamkuru amene amyang'anira pa maphunziro ace.

Nanga ticite bwanji tikapeza cinthu cotikhumudwitsa m'buku la mwana? Danieli atisonyeza njira. Iye ndi anzace atatu anatengedwa ukapolo kunka ku Babulo, nalowetsedwa m'sukulu ya mfumu zaka zitatu kuti aphunzire malembedwe ndi cinenero ca Akasidi. Sanakane maphunzirowo, ngakhale anali a anthu akunja. Anawagwira ndi mtima wonse, napambana anzao onse. Cimene anakana cinali cimodzi, ndico cakudya ndi vinyo wa pa gome la mfumu, popeza zikadawadetsa. Ndipo onani makanidwe ace. Sanapfuule pabwalo, sanasonkhezere anzace kuti aswe mbale. Ananka kwa woyang'anira, nalankhula mwaulemu, namvetsa mantha a munthuyo, napempha kuti ayesedwe masiku khumi ndi ndiwo zamasamba ndi madzi. Anadziwa ceni ceni cimene akana, anadziwa cifukwa cace, ndipo anadza ndi cina coikapo m'malo mwace. Mulungu anadalitsa njira imeneyo.

Potsata citsanzo cimeneci tikupemphani zinthu izi. Coyamba, dziwani buku la mwana wanu. Madzulo mutadya nsima muitaneni, ndi kunena, Mwananga, tabwera nalo buku lako, undiwerengere zimene mwaphunzira lero. Amene sadziwa kuwerenga asacite manyazi, pakuti makutu ali nao, ndipo nzeru yakusiyanitsa cabwino ndi coipa siikhala m'zilembo. Mwana amene awerengera agogo ace apindula kawiri: lilime lace limasuka, ndipo adziwa kuti kwao kuli womfunsa.

Caciwiri, musaweruze buku cifukwa ca mphekesera. Masiku ano mau athamanga pa WhatsApp koposa moto wa m'chire mwezi wa October, ndipo cithunzi ca tsamba limodzi, kapena la buku la dziko lina, cikhoza kuutsa mudzi wonse. Lamulo lacisanu ndi cinai, kapena lacisanu ndi citatu monga awerengera abale a Katolika, liletsa umboni wonama. Ndipo kunamizira mphunzitsi kapena wolemba buku ndi chimo lomwelo. Funsani kuti, Buku lace nditi, la kalasi yanji, tsamba lanji? Mukaliona ndi maso, pamenepo lankhulani.

Cacitatu, yendani pa njira imene iripo. Pa sukulu iri yonse ya pulaimale pali mphunzitsi wamkuru, pali komiti yoyendetsa sukulu, pali bungwe la akubala ndi aphunzitsi, ndipo pa sukulu zambiri pali gulu la amai loyang'anira atsikana. Pamwamba pao pali mlangizi wa sukulu za m'dera, ndi ofesi ya maphunziro ya boma. Mipando imeneyi njanu, ndipo musaisiyire anthu awiri atatu omwe omwewo caka ndi caka. Pofika kwa mphunzitsi, fikani monga kwa mnzanu wolera naye mwana, ndi kuti, Zikomo aphunzitsi, tabwera kuti mutithandize. Pa tsamba ili pali mau amene atibvuta, kodi inu muwaphunzitsa motani? Kumbukirani kuti iye sanalembe bukulo, ndi kuti kawiri kawiri aimirira yekha pamaso pa ana ocuruka koposa amene munthu mmodzi angathe kuwasamala. Kapena mudzapeza kuti nayenso ali ndi nkhawa yomweyo, ndipo mudzagwirizana kuti pa mitu ina atsikana akhale paokha ndi amai aulemu, anyamata paokha ndi abambo. Ngati nkhani ikula, ilembedwe bwino, ipite kwa akuru a mpingo ndi a boma ndi maina a eni dandaulo.

Cacinai, cenjerani ndi iwo amene akumbukira ana anu pa nyengo ya cisankho yokha. Wandale ali ndi nchito yace yolemekezeka, ndipo tiyenera kumpempherera. Koma pamene adza ndi mau oopseza, kuti a cipani cina kapena a cipembedzo cina afuna kuba ana anu, mfunseni ngati analowapo m'kalasi ya pa mudzi panu, ndi ngati adziwa kuti ana akhala pansi kapena pa mabenchi. Mkwiyo wa akubala ndi nkhuni zouma, ndipo alipo ofuna kuphikira mphika wao pa moto umenewo. Iwo akadya acoka. Phulusa litsalira inu ndi aphunzitsi, amene mudzakomanabe pa mjigo ndi pa maliro.

Cacisanu, ndipo ici ticinena ndi cisoni: bvuto lalikuru la sukulu zathu za m'midzi ndi kusowa kwa mabuku. Maiko olemera akangana za buku loti licotsedwe pa alumali. Kwathu kuno sukulu zambiri ziribe ndi alumali yomwe, ndipo ana angapo aunjikana pa buku limodzi long'ambika. Kholo limene lifuna kukhala ndi mau pa zimene mwana awerenga, liyambe ndi kumpatsa coti awerenge. Pogulitsa fodya, mtedza kapena soya, patulani kangacepe kogulira buku limodzi labwino, monga mupatula ca mbeu ndi ca feteleza. Mipingo ndi midzi isonkhe, iumbe njerwa, imange kacipinda kosungiramo mabuku pa sukulu. Ndipo akubala, aphunzitsi ndi atsogoleri a zipembedzo zonse za pamalopo akhale pamodzi posankha zoikamo. Munthu amene anathira thukuta pomanga nkhokwe, palibe amene angamletse kufunsa cimene cisungidwamo.

Abale okondedwa, Yokebedi analibe mphamvu yakusintha maphunziro a ku nyumba ya Farao, ndipo ife kapena sitidzatha kusintha zonse zimene zikonzedwa ku Domasi ndi ku Lilongwe, ngakhale tiyenera kulankhula pamene pafunika. Koma zaka zoyamba za mwana ziri m'manja mwathu, madzulo ali onse ali m'manja mwathu, ndipo njira ya ku sukulu njotseguka kwa ali yense wofuna kuyendamo. Mwana amene waona atate wace akupemphera, amene wamva amace akunena zoona ngakhale pobvuta, amene wazolowera kubwera ndi mafunso ace pakhomo osaopa kukalipiridwa, angathe kuwerenga mabuku ambiri, abwino ndi osakaniza, osataya njira. Koma mwana amene kwao kulibe womfunsa, ngakhale mumcotsere mabuku onse oipa a pa dziko lapansi, adzatengedwa ndi mphepo yoyamba imene idzaomba. Cifukwa cace sabata lino lomwe, munthu ali yense wa ife atsegule thumba la mwana wace, aone cimene cirimo. Ndipo pa msonkhano wa akubala ulinkudza, mpando wa mwana wanu usakhale wopanda munthu.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu mwini ana onse, tikuyamikani cifukwa ca ana amene munatisungitsa. Mutikhululukire pamene tinagona pa nchito yathu, ndi pamene tinaweruza anzathu tisanamve. Patsani nzeru iwo amene akonza maphunziro a dziko lathu, limbitsani aphunzitsi a m'midzi mwathu, ndipo mutiphunzitse kukhala mwamtendere ndi anansi athu a zipembedzo zina, pofunira ana athu onse zabwino. Sungani anyamata ndi atsikana athu monga munasunga Mose m'nyumba ya Farao ndi Danieli ku Babulo. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.